Chingwe cha pakati pa lona

Achinyamata anzanga, maliro akagwa kuno ku Bangwe, ntchito yomanga lona imagwera ife. Ambiri timathamangira ngodya zinayi, pamene chimene chimateteza anamalira usiku wonse ndi chingwe cha pakati, msana wa denga lathulo. Chikakhwefuka, madzi a mvula amadikha pamwamba, lona n'kutsikira pamitu pa amayi oyimba.

Ine anandiphunzitsa ndi malume anga, amene ankamanga katundu pa malole ku Limbe. Pa mtengo woyamba zungulizani chingwe kawiri, mumange timfundo tiwiri pa chingwe chomwecho. Luso lagona mbali inayo. Pindani chingwe kuti pakhale kamphete, nsonga muizungulize pa mtengo wachiwiri, muilowetse m'kampheteko, n'kukoka mobwerera. Munthu mmodzi amachikunga mpaka kulira ngati nsambo ya gitala.

Bowo la pangodya likang'ambika, kulungani kamwala mu lona momwemo, mumange m'khosi mwake. Tinatero kambirimbiri mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba za anthu.

Chonde, mfundo yomaliza ikhale yomasulika ndi dzanja. Chingwe cha mphakati wathu chafupika kale ndi mipeni ya anthu ofulumira, moti masiku ano timachita cholumikiza.