Agogo ndi Dzuwa la Okutobala

Chithunzi chomaliza chimene ndinawajambula agogo anga chili ndi thambo lokongola zedi. Koma pamene payenera kukhala nkhope yawo pali mdima wokhawokha.

Unali mwezi wa Okutobala, kwathu ku Ntcheu. Ndinali nditabwereka kwa mnzanga lenzi ya 14mm, ija imameza chilichonse chili patsogolo pako. Ndinkafuna zonse zilowe m'chithunzi chimodzi: nyumba, nkhokwe, mtengo wa mango, phiri chakumbuyo, ndi agogo atakhala pamphasa pakhonde. Dzuwa linali paliwombo.

"Iwe, tadikira dzuwa lipendeke," anatero agogo. "Nthawi ino ngakhale nkhuku zili pamthunzi."

Ine ndinangoseka. Digiri ndinali nayo, kamera ndinali nayo, komanso ndinkathamangira minibasi ya ku Blantyre. Ndinajambula katatu, osayang'ananso bwinobwino pa sikirini poti dzuwa linkandithobwa m'maso, basi n'kutsanzika.

Cholakwikacho ndinachimvetsa nditafika kunyumba. Kamera ukaisiya kuti iyeze yokha kuwala, imayeza chithunzi chonse. Ndiye lenzi yotambalala chonchi imalowetsa thambo lambiri ndi bwalo loyera mbee. Kamera inaona kuwala konseko n'kuchepetsa kolowa, ndipo agogo, amene anali pamthunzi wa khonde, anamira. Choipanso, ndinajambula mu JPEG osati RAW. Nditayesa kuwalitsa nkhope ija pa kompyuta, panangotuluka timadontho ngati mchenga.

Pano ndikudziwa zimene ndikadachita. Pa dzuwa lowala, ISO 100, f/16 ndi shutter ya 1/100 zimakwanira pa chinthu chimene chili padzuwa. Munthu wa pamthunzi amafuna kuwala kochuluka kuposa apo, ndiye umayeza pankhope pake penipeni, thambo likayera liyere. Fyuluta wamba sikadandithandiza: galasi la kutsogolo la lenzi imeneyi ndi lotukuka ngati diso la chule, pomangirira palibe. Ndiponso fyuluta yochepetsa kuwala imadetsa zonse mofanana, thambo ndi munthu yemwe. Njira yosavuta inali ija ananena agogo, yodikira mpaka cha m'ma 4 koloko, dzuwa litatsika n'kuyamba kulowa pakhonde.

Agogo anatisiya mu Januwale. Amalume atandiimbira kuti, "Mphwanga, tumiza chithunzi chija tiike papulogalamu ya maliro," ndinasowa chonena. Mapeto ake tinagwiritsa ntchito cha pa chitupa cha unzika, chimene agogo akuoneka ngati awakalipira.

Masiku ano ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe Loweruka. Akwati akamandikakamiza kuti tijambule masana pabwalo, ndimayamba ndawayeza pankhope, kenako n'kuona thambo. Ena amadandaula kuti ndimachedwa.

Chithunzi chija sindinachifufute. Ndikachikulitsa kwambiri, ndimaona dzanja la agogo limene linatulukira padzuwa, litagwira lichero.