Ulendo wa ku Nyanja: Ana Owerenga Nthanga za Malambe

M'mwezi wa Ogasiti ndinatsika ku mapiri a Dedza kunka ku nyanja, ndipo ndati ndikusimbireniko zimene ndinaona, pakuti zikhudza khomo lililonse pamene pali mwana wamng'ono.

Tinanyamuka pa Masasa mbandakucha, chisanu chili kuluma zala, ndi kutsetsereka pa msewu wa Khwekhwerere umene ukhotakhota kufikira ku Golomoti. Munthu auyamba ulendowu atafunda bulangete, naumaliza ali kupukuta thukuta. Kumtunda kuli minda ya mbatata ya kachewere, koma kuchigwa kuli milambe ikuluikulu, yoyoyoka masamba nyengo imeneyi, malambe okhaokha ali lendelende. Pa Golomoti tinaona njanji imene inafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo tinagona pa Mua, mishoni yakale ija yoyamba mu 1902 pambali pa mtsinje wa Nadzipokwe. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupyola Mtakataka, kwa Inkosi Kachindamoto, kufikira ku mudzi wina wa asodzi.

Mudziwo uli pamchenga. Mabwato andanda pagombe, makoka ayanikidwa, ndipo usipa uli kung'anima pa mathandala. Fungo lake ndilo liyamba kukulonjera usanaone munthu. Tsono pansi pa mtengo wa mango ndinapeza ana oposa 20, a zaka zitatu kufikira zisanu. Imeneyi ndiyo sukulu ya mkombaphala ya m'mudzimo, ndipo owalera ndi mayi wina wachikulire, wogwira ntchitoyi mosalandira malipiro. Bolodi palibe, mabuku palibe. Pali lichero lodzala nthanga za malambe basi.

Anawo pondiona anaimirira, nayamba kuimba wanu, thu, firii, kufikira twente, osaphonya. Ine ndinaomba m'manja. Koma mayiwo anaseka nati, "Aphunzitsi, musafulumire kuyamika. Taitanani mmodzi mumuuze akupatseni nthanga zinayi." Ndinaitana kamnyamata kamene kanaimba mokweza kupambana anzake. Iko kanapisa dzanja m'lichero, katapa zodzala chikhatho, kandiikira pamwendo. Ha! Ndinachita manyazi, pakuti ndinakumbuka kuti ifenso ku seminale tinaloweza unus, duo, tres, ndipo pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Mayiwo anandimasulira kuti kuimba manambala ndi nyimbo chabe, yosasiyana ndi nyimbo ya pamtondo. Mwana adziwa kuwerenga pamene akhudza chinthu chimodzi ndi kutchula dzina limodzi, osadumpha, osabwereza. Ndiponso pamene azindikira kuti dzina lomaliza ndilo liuza kuchuluka kwa zonse. Chifukwa chake iwo saleka mwana akangomaliza kuwerenga, koma amfunsa, "Nanga zonse ndi zingati?" Mwana wosakhwima ayambiranso pachiyambi, ngati sanamve funsolo. Wokhwima ayankha msanga, "Zinayi."

Chinandikondweretsa koposa n'chakuti mayiwo ayamba ndi chinenero chathu. Taganizani, abale, mmene tiwerengera ife: ana atatu, mbuzi zitatu, mitengo itatu, timiyala titatu. Nambala yathu siyenda yokha. Ivala chovala cha chinthu chimene tili kuwerenga, kotero kuti mwana sangaitchule osayang'ana chinthucho. Ndiponso tikapyola zisanu titi zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri: dzanja lathunthu ndi chala cha dzanja lina. Mwana wonena mawu amenewa wayamba kale samu yophatikiza asanaone choko. Makolo athu sanali opusa ayi.

Nthawi ya phala itakwana, sanagawe makapu okha, koma anatuma kamtsikana kuti kaike kapu imodzi patsogolo pa mwana aliyense. Makapu anatha, ana awiri natsala opanda kanthu. "Aperewera angati?" Onse anafuula, "Awiri!" pakuti pa nkhani ya phala palibe mwana wogona. Atatha kudya anawayesa china: anandanda nthanga zisanu motalikirana, ndi zina zisanu anaziunjika pamodzi, nafunsa kumene kwachuluka. Ang'onoang'ono onse analoza mzere wautali. Mayiwo sanakalipe, anangoti, "Tiyeni tizikwatitse," naika imodzi ya uku pambali pa imodzi ya uko, mpaka ana anaona okha kuti palibe yotsala mbeta.

Madzulo ndinayendayenda pagombe, ndipo ndinaona kuti mudzi wonse ndi sukulu yomweyo. Atsikana anali kuchita chiyato, kuponya mwala m'mwamba ndi kutulutsa timiyala m'kadzenje, poyamba kamodzikamodzi, pambuyo pake tiwiritiwiri. Mwana wina anali kuthandiza amake kuunjika milu ya usipa yogulitsa, ndipo amake anali kumbweza mulu uliwonse woposa unzake. Pansi pa mlambe akuluakulu anali pa bawo, thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64, agogo ena atafungatira mdzukulu pamiyendo, namgwira dzanja kuti agwetse nkhomo imodzi m'dzenje lililonse. Agogowo sadziwa kuti ali kuphunzitsa masamu. Iwo angofuna kudya nkhomo za mnzawo.

Komabe si onse akondwera. Bambo wina, mwini makoka, anandidandaulira nati, "Aphunzitsi, ife titumiza ana kuti akamve Chingerezi, tsono angoseweretsa malambe amene ali mbwee kuseri kwa nyumba." Ndinamumvetsa bamboyo, pakuti mwana akafika zaka zisanu ndi chimodzi alowa Sitandade 1, ndipo kumeneko manambala atchulidwa wanu, thu, firii. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi oyamba adzala kwambiri, ndipo mphunzitsi alibe mpata wogwira chala cha mwana aliyense. Koma pa chifukwa chomwecho ine ndiima ndi mayi uja. Mwana wodziwa kale kuti zinayi n'chiyani angophunzira dzina latsopano, ntchito ya sabata imodzi. Wongoimba nyimbo afika pa samu yochotsera nasokonezeka, ndipo ena otere abwereza kalasi mpaka mtima utagwa, nathawira ku makoka. Ndinamfunsa bamboyo ngati angatume pamsika mnyamata wodziwa kunena twente koma wosadziwa kuwerenga chenji. Anaseka, osayankha.

Tsiku lachitatu, ndisanakwere kabaza kubwerera, ndinaitananso kamnyamata kaja. Ndinapempha nthanga zinayi. Kanaziika pamwendo panga imodziimodzi, lilime lili panja, kaleka pa yachinayi. Ndinapempha zisanu ndi imodzi. Kanaika zisanu, kaima nji, kayang'ana dzanja lake lamanzere nthawi yaitali, ndipo kenaka kanacheukira mayiwo. Iwo anangoti, "Mawa tidzayambira pomwepo."