Kwa mwana wanga amene akukonza sewero la Julius Caesar ku Masambanjati

Wokondedwa mwana wanga,

 

Unandiuza kuti ana asukulu amene wawapatsa mbali ya khamu la anthu a ku Roma akusewera ngati zitsiru zongotengeka ndi aliyense wodziwa kulankhula. Usawalole. Shakespeare, polemba seweroli cha mu 1599, anayambira nkhani kumapeto. Gwero lake ndi malo olima, ndipo mwana wa ku Thyolo sachita kuphunzitsidwa za malo.

Alimi ang'onoang'ono a ku Roma ankatengedwa kupita kunkhondo kwa zaka zambiri. Pobwerera ankapeza minda yawo yagwa m'manja mwa anthu achuma, amene ankalimitsa akapolo m'minda ikuluikulu. Osowa pogwirawo anakhamukira mumzinda. Mu 133 BC, Tiberius Gracchus, woimira anthu wamba, anabweretsa lamulo loti munthu asakhale ndi malo a boma oposa mahekitala pafupifupi 125, otsalawo agawidwe kwa osauka. Akuluakulu a nyumba ya malamulo anamupha ndi zibonga n'kuponya mtembo wake mumtsinje wa Tiber. Mng'ono wake, Gaius, anafera nkhani ngati yomweyo mu 121 BC.

Uwafunse anawo kumene makolo awo amalima. Akuuza za kamunda kotsetsereka, pomwe tiyi wa m'maesiteti wayala pamalo abwino kuyambira nthawi ya atsamunda. Agogo awo akudziwa thangata, kugwira ntchito kwa mzungu kuti ukhale pa nthaka imene unabadwirapo. Khamu la ku Roma lija ndi anthu otere.

Kenaka mkulu wa asilikali Marius anayamba kulemba anthu opanda malo m'gulu lankhondo. Msilikali wotere ankayembekeza munda kuchokera kwa mtsogoleri wake, choncho ankamvera iyeyo kuposa boma. Caesar anapezerapo mwayi. Mu 59 BC anagawa malo a ku Campania kwa mabanja osauka okhala ndi ana atatu kapena kuposerapo. Tsono pamene Antony akuwerenga wilo ya Caesar, yosiyira nzika iliyonse ndalama ndi minda yake yamaluwa kuti anthu azipumulamo, khamulo likukumbukira amene anawapatsapo kanthu. Anawo akuwe ngati anthu anjala amene atayikidwa wowathandiza.

Koma usamuyeretse Caesar. Aroma anathamangitsa mfumu yawo yomaliza, Tarquinius, mu 509 BC, ndipo chaka chilichonse ankasankha atsogoleri awiri kuti wina aziletsa mnzake. Caesar anawoloka mtsinje wa Rubicon ndi asilikali mu 49 BC, nagonjetsa Pompey ku Pharsalus chaka chotsatira. Chikondwerero chimene chikutsegula seweroli n'cha kugonjetsa ana a Pompey, Aroma anzake, n'chifukwa chake akuluakulu ena awiri akukalipira anthu mumsewu. Kumayambiriro kwa 44 BC anamupanga wolamulira wamuyaya. Ife a msinkhu wanga mawu amenewo sitichita kufunsa tanthauzo lake. Tinaona nduna ngati Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Masauko Chipembere zikusemphana ndi Kamuzu mu 1964, ndipo pofika 1971 iye anali Pulezidenti Wamuyaya.

Za Brutus ndiye ndimatsutsana ndi aphunzitsi ambiri. Shakespeare anamukometsa. Zoona, banja lake linkati ndi zidzukulu za Brutus amene anathamangitsa mfumu uja, ndipo dzinalo linkamulemera. Komatu munthu yemweyu anakongoza mzinda wa Salamis ku Cyprus ndalama pa chiwongoladzanja cha 48 peresenti pachaka. Katapila weniweni! Caesar anamukhululukira atamenya nkhondo kumbali ya Pompey, mpaka kumupatsa udindo. Ufulu umene iye ndi Cassius ankateteza unali wa mabanja ochepa olemera, omwe aja anakana kugawa malo.

Brutus, Cassius ndi anzawo anamubaya Caesar pa 15 Malichi 44 BC, mabala 23 (m'seweromo muli 33, ndipo malo ake asinthidwa: anafera m'chipinda chomangidwa ndi Pompey, osati ku Capitol). Omuphawo analibe dongosolo la tsiku lotsatira. Mu 42 BC Brutus ndi Cassius anadzipha atagonja ku Philippi, ndipo pofika 27 BC Octavian, mnyamata amene amaoneka wosafunika m'seweromo, anali Augustus, wolamulira yekha mpaka imfa yake. Mwana amene akusewera Octavian umuuze zimenezi, asamaime kumbuyo ngati wantchito wa Antony. Ndipo pokambirana m'kalasi uwakumbutse kuti kwathu kuno ulamuliro wa chipani chimodzi tinaukana ndi voti, pa 14 Juni 1993.

Unditumizire tsiku la sewerolo msanga kuti ndikonze ya thiransipoti. Amayi ako akuti usaiwale kuwasungira nthochi.

Ndine,
Bambo ako