Tabwerako Kuchipatala, Ntchito Zikutidikira Pakhomo

Pali gawo la matenda a khansa limene silitchulidwa kawirikawiri. Limayamba tsiku limene dripu yomaliza yachotsedwa pamkono, adokotala natilembera tsiku lodzaonedwanso, ife n'kukwera minibasi kutsika Khwekhwerere kubwerera kuno kuchigwa. Kumudzi timalandiridwa ndi Alhamdulillah, ndipo n'koyenera kutero. Koma sabata ziwiri zisanathe, achibale amene anatisamala amabwerera ku minda ndi malonda awo. Ndowa, mthiko, khasu ndi nkhwangwa zimatsala pamene tinazisiya, zikudikira mwini wake.

Ife tikulankhulafe ndife amayi ndi abambo a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amene tinadutsa m'njira imeneyi. Ambiri mwa ife ndi amayi, pakuti dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka koposa padziko lonse. Ena anachotsedwa bere, ena anadwala yapakhungu. Kale wofunika chithandizo chowotcha chotupa ndi makina ankadikira mwayi wotumizidwa kunja kwa dziko, ndipo ambiri ankatsikira kulichete mwayiwo usanafike. Mu 2025 chipatala cha khansa cha pa Kamuzu Central ku Lilongwe chinatsegulidwa mwalamulo. Mwa chifuniro cha Allah, obwerera kwawo ali moyo adzachuluka. Choncho makomo athu ayenera kuphunzira kukhala ndi munthu amene wapulumuka koma mphamvu sizinabwerere.

Kutopa kwa kumunda tonse timakudziwa: munthu akadya nsima nagona, m'mawa amadzuka ali watsopano. Kutopa kotsala ndi kemo sikumva tulo. Mankhwalawa amalimbana ndi chotupa, koma amakhudzanso m'mafupa momwe magazi amapangidwa, kotero kuti magazi amachepa ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika. Thupi limatenga miyezi kuti libwerere, kwa ena mpaka chaka kapena kupitirira. Ena a ife zala za m'manja ndi za kumapazi zinachita dzanzi, moti mphika wotentha timaumva titapsa kale, ndipo singano imagwa osadziwa. Ochotsedwa bere mkono wa mbali imeneyo umatha kutupa. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mayi wochitidwa opaleshoni ya pamimba amaletsedwa kunyamula katundu wotere mpaka bala la m'kati litapola. Onjezanipo dzuwa la Okutobala la kuno kunyanja, limene limafoola ngakhale wathanzi.

Chovuta n'chakuti zonsezi sizioneka ndi maso. Tsitsi likameranso, masaya n'kuyamba kudzaza, anthu amati wachira. Akatipeza tagona pamkeka dzuwa lili pamutu, mawu amayamba kuyenda kuseri: “Matenda anatha kalekale, chatsala ndi ulesi.” Mayi amaopa kuti apongozi ayamba kuwerenga masiku amene mwana wawo wadya mochedwa, ndipo banja likhoza kugwedezeka. Bambo amachita manyazi kuona mkazi wake akupita kuganyu iye ali pakhonde. Taona anzathu akusenza mtolo wa nkhuni pofuna kutseka pakamwa pa anthu, n'kugona masiku atatu osadzuka. Taonanso ena akuphonya tsiku la kuchipatala chifukwa linagwera m'sabata yowokera mpunga.

Chimene chinatikhazika mtima pansi tinachipeza m'chipembedzo chathu chomwechi. Palibe ntchito yaikulu kwa Msilamu yoposa Swala, komabe malamulo a Chisilamu amalola wodwala kuswali chokhala ngati sangathe kuimirira, ndiponso chogona cham'mbali ngati sangathe kukhala. Madzi akakhala oti avulaza bala, tayammamu imakwanira. M'mwezi wa Ramadhani wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo atapeza bwino, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa amadyetsa wosauka pa tsiku lililonse. Ngati Mwini zolengedwa zonse anatipeputsira zimene zili zake, ndani pakhomo angaumirire kuti zake zokha zisapepuke? Amene waloledwa kuima pamaso pa Allah atakhala pansi, angathenso kusenda chinangwa, kutsuka mbale ndi kupeta mpunga atakhala pansi, popanda kupepesa kwa wina aliyense.

Tinaphunzira kugawa tsiku motsatira nthawi za Swala. Mphamvu zathu zambiri zimakhala pakati pa Subuhi ndi pamene dzuwa layamba kuluma, choncho ntchito yolemera timaiika pamenepo, ndipo imakhala imodzi yokha. Likakhala tsiku lochapa, silikhalanso lopita kuchigayo. Dzuwa likakwera timabisala mumthunzi mpaka Asri, kenaka n'kugwira zopepuka: kusankha ndiwo, kusoka, kumvetsera ana akubwereza zimene aphunzira kumadrasa. Kumjigo timapita ndi kachidebe ka malita asanu, ndowa yaikulu n'kusiyira achinyamata. Mbaula timaikweza pamalo oti tisawerame, ndipo pogwira mphika timakulunga nsalu ngakhale dzanja likunena kuti sukutentha. Nsima ya banja lalikulu imafuna mkono wamphamvu. Ife timathira ufa ndi kuyang'anira, wina n'kumavundula. Kugona tsiku lonse nakonso kumafooketsa, n'chifukwa chake timayenda pang'ono kukazizira, lero kufika pamtengo wa mango, mawa kufika kumzikiti. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kumunda ndiko kumene mtima umawawa kwambiri. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, yothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe, imadyetsa makomo ambiri kuno, ndipo mpunga sudikira wodwala. Komabe kuima tsiku lonse m'matope, thupi lili lopanda chitetezo chokwanira, n'kudziika pangozi. Kabala kakang'ono ka kuphazi kakhoza kukula, ndipo m'madzi oima ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ambiri tinasankha kuchepetsa: kulima ndime zochepa, zina kubwereketsa kwa mbale kuti tidzagawane zokolola, ife n'kutenga ntchito ya pamthumbira monga kuingitsa mbalame ndi kusunga mbewu. Abambo a kunyanja asiya kaye kupalasa bwato usiku. Amasoka maukonde ndi kuyang'anira usipa pathandala. Phindu limachepa ndithu, koma munthu amafika nyengo ina ali moyo.

Pali zizindikiro zimene sitizengereza nazo. Kutentha thupi kwa munthu amene wangolandira kemo si kodikira kuti kuche kawiri. Ndi kothamangira nako kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mua kapena chilichonse chapafupi, atanyamula buku lake la kuchipatala kuti omuona adziwe mankhwala amene analandira. Kuno malungo ndi a chaka chonse, choncho masikito sitiiwala. Ululu nawonso si wofunika kuubisa poganiza kuti kumeneko ndiko kupirira. Ku Salima kuli Ndi Moyo, malo amene namwino Lucy Finch anatsegula mu 2007 kuti azichepetsa ululu wa odwala matenda aakulu, ndipo zipatala zina zilinso ndi gawo lotere. Kupirira kumene Mneneri Ayyub (mtendere ukhale naye) amakumbukiridwa nako kunali kusataya chikhulupiriro. Iye sanaleke kudandaulira Mbuye wake za mavuto ake.

Tsopano tilankhule nanu, abale ndi alongo athu m'Chisilamu. Kuzonda wodwala ndi udindo wa Msilamu kwa mnzake, ndipo m'masiku oyamba munatizonda mpaka mikeka kuchepa. Tikupempha kuti kuzondako kutalike, ndiponso kukhale ndi manja. Mukamabwera, dzerani kumjigo. Musafunse kuti “tikuthandizeni chiyani?” pakuti manyazi adzatiyankhitsa kuti palibe, onani mtsuko ngati uli ndi madzi, onani nkhuni pakhonde. Amayi a m'magulu a dawa angathe kugawana masiku, uyu Lolemba, uyo Lachinayi, kuti mtolo usagwere mwana wamkazi mmodzi mpaka kusiya sukulu. Achinyamata akatuluka ku Ijumaa angathe kupalira munda wa wodwala ola limodzi. Akuluakulu a mzikiti, pogawa zakaati ndi sadaka, akumbukire ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe, chifukwa tsiku lokaonedwanso ndi limene limagwira matenda akafuna kubwerera mwakachetechete.

Inunso abambo, dziwani kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale naye) ankathandiza ntchito za m'nyumba mwake, ankasoka chovala chake ndi kukama mbuzi yake. Mwamuna wosenza ndowa chifukwa mkazi wake akuchira watsata sunna, ndipo womuseka akuseka chimene sakuchidziwa.

Ifenso tili nacho chopereka. Timadziwa njira ya kuchipatala, timadziwa mantha a tsiku loyamba, ndipo tingathe kuperekeza mayi amene akuopa kukayezetsa khomo la chiberekero, kapena kulimbikitsa kholo kuti mwana wake wamkazi alandire katemera woteteza khansa imeneyi, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Ntchito imeneyo tingaigwire ngakhale tili pamkeka.

Allah achiritse odwala athu, alimbitse owasamala, ndipo aike madalitso m'mphamvu zochepa zimene watisiyira. Amin.