M'mawa umene Legson Kayira ananyamuka

Nkhani ya Legson Kayira yakana kundichoka m'mutu chiwerengereni m'mawa uno. Mnyamata wa kumpoto kwa dziko lathu lino, mu 1958 anangonyamuka wapansi, wopanda nsapato, akuti akukafuna sukulu ku America. Katundu wake Baibulo, bulangete ndi kankhwangwa. Atafika ku Kampala anapeza buku la mayina a makoleji, n'kulembera kalata Skagit Valley College, iwo n'kumuyankha kuti bwera. Anakafika ku America mu 1960 atadzera ku Khartoum.

Chikundigwira mtima kwambiri ndi m'mawa umene anatuluka pakhomo pa amayi ake, asakudziwa kumene akagone mawa lake. Sindikhulupirira kuti analibe mantha. Anapita nawo mantha akewo.

Ambirife tikukakamira ntchito imene inatitopetsa kalekale, ena akulephera kubwerera kukalembanso MSCE poopa kukhala pa benchi limodzi ndi ana, akuti anthu ati chiyani. Zimandipweteka, chifukwa zaka sizidikira munthu.

Inu anzanga, n'chiyani chimene mwakhala mukuzengereza kuyamba, ndipo chakugwirani mwendo n'chiyani?