Rimoti ya geti la alamu anga

Alamu anga atabwerako ku Joni anamanga nyumba ya mpanda ku Mangochi boma, geti lake lotsegula ndi rimoti. Vuto linali kabatire ka rimotiyo, ka mavoliti 12, kosowa m'magolosale. Kakatha, ankachita kutsika n'kumagogoda pakhomo pawo pomwe.

"Aphunzitsi, inu si a Physics? Batire la galimotoli ndi la 12 lomweli. Tangolumikizani."

Kukana ndinachita nako manyazi. Ndinalumikiza rimotiyo ku waya wa wailesi, kuti izipeza moto pokhapokha kiyi akatembenuzidwa. Koma ndinakakamira kuti pakhale kafyuzi kakekake. Fyuzi ya wailesi ndi yaikulu, kawaya kopyapyala kangathe kuyaka iyo isanapse. Alamu anaseka, amvekere sukulu imachititsa mantha.

Patatha mwezi, atapita ku Makanjira pamsewu wa mabampu uja, anandiimbira mokalipa kuti ndawaonongera rimoti. Usiku umenewo sindinagone bwino.

M'mawa nditatsegula ndinapeza kawaya katasupuka n'kukhudza chitsulo. Kafyuzi kokha ndi kamene kanapsa. Ndinawapatsa m'manja osayankhula.

Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, kena ndi ndalama zingati?"