Nkhadze ya pampanda

Nkhadze ilibe ulemu kuno ku Kopala, kumene ambiri amaidziwa ndi dzina la Cibemba lakuti lunsonga. Munthu akangopeza kandalama amagula mabuloko, n'kuizula, n'kumanga cipupa. Ana amene ndimaphunzitsa sayansi ku Kitwe amati ndi mpanda wa osauka. Ine ndimawauza kuti ayambe aiyang'anitsitsa.

Thyolani kanthambi, koma samalani maso, cifukwa mkaka wake woyera uja umaocha koopsa. Masamba simuwaona, amakhala ting'onoting'ono ndipo amayoyoka msanga. Nchito yawo imagwiridwa ndi timitengo tobiriwira tija, tonga mapensulo, timene timasunganso madzi. Timabowo take topumira timatseguka usiku kukazizira, masana n'kutseka kuti dzuwa lisamwe madziwo. N'cifukwa cake imapirira cilala ngakhalenso dothi la mcere, pamene cimanga cimangofota. M'mabuku ndi Euphorbia tirucalli, koma si mlendo, kwawo ndi kuno ku Africa. Agogo anga ku Katete anachinga nayo dimba. Ankangozika nthambi pansi, basi, yamera.

Ife tilibe madambo a mcere ngati a ku Kaputa. Cimene cinalowa m'dothi lathu ndi senta, utsi wa salfa wocokera kosungunulira kopa, pamodzi ndi fumbi la zitsulo. Pitani ku Kankoyo ku Mufulira, komboni imene yapuma utsiwo zaka zambirimbiri. Malata anacita dzimbiri, repu ndi tomato zimakana, koma nkhadze ili njo m'mbali mwa nyumba.

Apa m'pamene mtima wanga umagawikana. Ndimaikonda cifukwa ca kulimba kwake, koma sindikondwa ndikamva anthu akuti, "Onani, si pobiriwira apa?" Kubiriwira kwa nkhadze sikunena kanthu za dothi. Ndiponso palibe mwana amene anadyerapo nsima nkhadze.

Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anakulira ku Kankoyo. Tsiku limene tinaphunzira za zomera zopirira, anzake anali kulemba, iye anangokhala cete. Belu litalira anabwera kuthebulo kwanga.

"Aphunzitsi, amai anali kubyala ndiwo m'masaka. Dothi lake tinali kukatapa kutali, pawilibala."

Ndinamufunsa ngati zinali kukula. Anati inde, kufikira tsiku limene mphepo yatembenukira kwao.